Mbuzi ya M'phanga la Kasitima

M'dziko lina, m'boma lina, tsidya la mtsinje umene mlatho wake ukanali m'malonjezo, kunali mudzi umene anthu ake ankakhala mwamtendere chifukwa chosowa chokanganirana. Makolo awo anachokera kosiyanasiyana. Ena ankavina ingoma, ena tchopa, ena beni, ena gule wamkulu. Koma anali atakwatirana ndi kubwerekana makasu kwa zaka zambiri, moti mwana ukamufunsa mtundu wake ankakutchulira timu ya mpira.

M'mudzimo munali mayi wina wowotcherera zitsulo, dzina lake Jenala Kamanula. Ntchitoyi anaiphunzira m'tauni, ndipo atabwerera kwawo ankakonza mawilibala, zitseko ndi njinga zothyoka. Chaka china anatopa ndi ana omwe ankadzaza pashedi yake kudzaonerera moto wa zitsulo, choncho anaganiza zowapezera chochita. Anatenga migolo isanu, anaidula pamwamba n'kuiika mawilo. Anayala njanji ya mapaipi kuzungulira chulu chachikulu cha kuseri kwa msika, ndipo yokoka inali injini yakale ya chigayo. Pamene njanjiyo inkatsetsereka anamangapo phanga la malata. Ana ankalowamo akukuwa, n'kutuluka akuseka. Chinthuchi anachitcha Kasitima.

Malata ena anali adzimbiri. Pofuna kubisa manyaziwo, Jenala anatenga penti yotsala pa zitseko za sukulu n'kujambula munthu akukoka mbuzi. Munthuyo anatuluka wobiriwira, poti penti imene inalipo ndi imeneyo. Ana atafunsa kuti ameneyo ndi ndani, iye anayankha ali ndi waya pakamwa.

"Ndi amene anayambitsa mudzi uno. Mbuzi yake inathawa, anailondola mpaka pano, ndiye anachita ulesi kubwerera."

Ana anakhutira n'kukakwera.

Patapita miyezi ingapo, a Wiskesi Chingolo, omwe anapuma ntchito ya ukalaliki ndipo cholembera chinkawayabwa m'thumba, analowa m'phangamo injini itazima. Anajambula munthu wobiriwira uja pafoni, analemba pansi pake mbiri imene anamva kwa mdzukulu wawo, kenako anatsegula gulu la pafoni lotchedwa Okonda Kasitima Enieni. Sabata isanathe munali anthu mazana atatu, ambiri a iwo ali m'matauni ndi ku Joni. Wokwerapo Kasitimako munalibe. Kukwera n'kwa ana, ntchito ya akuluakulu ndi kukonda.

Woyamba kulemba anali a Zondwayo Ngozo, a mbali ya ingoma.

"Munthuyu ndi wathu, taonani mmene waponyera mwendo. Koma chishango chake mwasiya kuti? Ndipo mwamuna wakwathu angalondole mbuzi ng'ombe zilipo?"

Mayi Dolofe Namaona, a mbali ya tchopa, sanadikire.

"Wanu kuyambira liti? Oyenda mtunda wautali osabwerera ndi agogo anga. Komanso bwanji ali yekha? Mkazi ali kuti? Kapena mudziwu anaubereka ndi mbuziyo?"

Che Mbwana, a mbali ya beni, analankhula mofatsa monga mwa khalidwe lawo.

"Ine mbuzi ndilibe nayo vuto, bola si nkhumba. Koma munthu wamkulu woyambitsa mudzi kuyenda mutu uli pamtunda, wopanda chisoti, pamenepo mwatichotsamo mwadala."

A Chingolo, omwe anali a mbali ya gule, anati iwo salowerera poti ndi adimini, kungoti aliyense wa maso akuona kuti mapazi a munthuyo ndi a kudambwe.

Mkanganowo utafika poti apongozi asiya kupatsana moni, wina anakumbukira kuti wojambula ali moyo. Anamulowetsa m'gulu n'kumufunsa.

"Abale, nkhaniyo ndinangopeka," analemba Jenala. "Ndimabisa dzimbiri."

"Mayi, inu munangogwira burashi," anayankha a Chingolo. "Tanthauzo lake tisiyireni ife odziwa."

Tsiku lomwelo anamuchotsa m'gulumo chifukwa chofalitsa mabodza pa mbiri ya mudzi.

Popeza mutu umodzi susenza denga, anakhazikitsa Bungwe Lalikulu Loona za Chiyambi, Chikhalidwe ndi Kusasiya Aliyense Kumbuyo pa Nkhani za Kasitima. A Chingolo anavomera monyinyirika, atadzisankha okha, kukhala Wapampando Wamuyaya, Adimini Wamkulu ndi Mlonda wa Mbiri. A Ngozo anakhala Mkulu wa Zishango, Mayi Namaona Mkulu wa Amayi Osajambulidwa, ndipo Che Mbwana Mkulu wa Zovala Kumutu. Chigamulo choyamba chinali chakuti Kasitima kaime mpaka aliyense adzione m'phangamo. Chachiwiri chinali chakuti munthu wobiriwira afufutidwe ndi laimu, chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti m'mudzimo mulibe munthu wobiriwira, kusonyeza kuti chithunzicho chinkakondera alendo.

Jenala anapaka laimuyo yekha, a Ngozo ataima pambali kuonetsetsa kuti ngakhale mchira usatsale. Kenako a Ngozowo anaika loko pa injini n'kutenga kiyi.

Bungwe linayamba ntchito. Linagwirizana kuti woyambitsa mudzi watsopano agwire chishango kudzanja lamanja. Anthu amanzere anaopseza kutuluka m'gulu, choncho anampatsa zishango ziwiri. Manja atatha, funso linali lakuti mbuzi aikoka ndi chiyani, ndipo anagamula kuti chingwe achilume. Kumutu anamuveka chisoti, pamwamba pa chisoti nthenga, pamwamba pa nthenga mtolo wa chinangwa. Anampatsa mkazi. Ena anati mkazi mmodzi ndi kunyoza a mitala, ena anati awiri ndi kunyoza a tchalitchi, choncho wachiwiriyo anagwirizana zomujambula chapatali, kuti ofuna azimuti ndi mlongo wake.

Mbuzi inali ndi komiti yakeyake, imene inakumana masabata asanu. Inabwera ndi mfundo yakuti nyamayo ikhale ndi nyanga za ng'ombe ndi mchira wa nkhosa, ikhale yaikazi polowa m'phanga, yaimuna potuluka. Bambo wina wa ku Joni, amene dokotala anamuletsa nyama, anapempha kuti pakhalenso dzungu.

Pamene akuluakulu ankasenza denga chotere, ana anapeza Kasitima kena. Anayamba kulendewera kumbuyo kwa malole a mchenga omwe ankadutsa pamsika. Tsiku lina masana, mtsikana wa sitandade 3, Esime, anaphonya pogwira n'kugwa, mkono n'kuthyoka. Jenala ndi amene anamunyamula panjinga kupita naye kuchipatala. Gulu la pafoni linadzaza ndi tinkhope tolira kwa ola lathunthu. Kenako wina anaona kuti pa mapulani onse a phanga palibe munthu womanga bandeji, ndipo nkhaniyo anaitumiza ku komiti yoyenera.

Jenala atachoka kuchipatala sanapite kwawo. Analunjika kwa a Chingolo, anawapeza pakhonde akusanja mafayilo.

"Achimwene, mwana wathyoka mkono."

"Tamva, mayi, ndipo tapepesa kale m'gulu."

"Kuli bambo wa chigayo kutsidyaku akufuna injini ija. Ndakhala ndikumukaniza. Mvula ikagwa Kasitima kasanayende, ndimupatsa, ndipo migoloyo ndipanga mbaula. Mukazikangana za mbuzi ya pa mbaula."

A Chingolo anavula magalasi. Kasitima kakatha, gulu litha. Gulu likatha, munthu ukhala adimini wa chiyani?

"Musafulumire, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhonoyo mwaiyang'ana miyezi isanu ndi iwiri. Mitambo ndi iyo."

Mlungu womwewo bungwe linamaliza chikalata cha masamba makumi anayi chofotokoza chithunzi chatsopano. Linalamula Jenala kuika mababu a sola m'phanga monse kuti pasapezeke chikhalidwe chokhala mumdima, ndi kupachika nsalu kukhomo kolowera ndi kotulukira kuti pasapezeke mtundu woona chithunzicho anzawo asanaone. Wojambula anamufuna wa kuboma, a Lemani Tepeka, omwe anasankhidwa chifukwa sankadziwa bwinobwino kwawo kwa bambo awo. Anawatumizira chikalatacho, n'kulengeza tsiku lotsegulira.

Tsikulo linafika. Anakhoma mahema pamsika, magule onse anayi anavina nthawi imodzi kuti pasakhale woyamba, ndipo fumbi lake linaoneka kutsidya. Ana anawakhazika pachulu, Esime ali pakati pawo ndi mkono wake wa pulasitala. A Chingolo atangoimirira, Jenala anakweza dzanja.

"Apampando, pali kanthu kena kofunika mudziwe."

"Mayi, muli pa nambala 14 pa ndondomeko. Tili pa nambala 2."

Pa nambala 6, a Ngozo akufotokoza za nkhondo zimene agogo awo anapambana, Jenala anakwezanso dzanja. Anamuuza kuti akuluakulu akamalankhula, wa zitsulo amasunga moto wake. Pa nambala 9 anangokhala pansi n'kupinda manja.

Nambala 13 inali yakuti akuluakulu a bungwe akwere Kasitima n'kuona ndi maso awo. Za mgolo wakutsogolo anakangana pang'ono, mpaka a Ngozo anadziguguda pachifuwa kuti kutsogolo n'kwa ankhondo. Mayi Namaona analowa wachiwiri, Che Mbwana wachitatu, a Chingolo wachinayi. Wachisanu anaikamo mafayilo. Kulowa kwake kunali kovuta, chifukwa migoloyo anaidula poyeza ana, ndipo mawondo a akuluakulu anafika m'makutu.

Jenala anapukusa injini. Inatsokomola, inalavula utsi, kenako inagwira. Kasitima kanakwera chulu pang'onopang'ono, akuluakulu akubayibitsa anthu ngati apita kunja. Pamwamba kanaima kaye ngati kakuganiza. Kenako kanatsetsereka.

Zimene zinamveka m'phangamo anthu amazikambabe. Ana omwe anali pamwamba pa khomo lotulukira ndi amene anaona bwino mmene akuluakuluwo anatulukira. A Ngozo sankaoneka n'komwe, nthenga zokha ndi zimene zinkasuzumira mumgolo. Mayi Namaona anali atadzikuta chitenje kumaso. Che Mbwana anali atatsinzina, milomo ikuyenda. A Chingolo, nawonso maso ali tseke, ankaitana amayi awo omwe anamwalira kalekale. Mafayilo anatuluka pambuyo, tsamba lililonse palokha.

Kasitima kataima, anawazula mmodzimmodzi. Anthu anadikira chigamulo. A Ngozo anakonza nthenga zawo, anayeretsa kukhosi.

"Ndaona zishango zonse ziwiri. Zajambulidwa mwaulemu. Ife a ingoma takhutira."

Mayi Namaona sakanalola kuoneka ngati iwo okha ndi amene sanaone.

"Mkazi uja ndi wokongola, mphuno ngati ya agogo anga. Ndipo chinangwa chikuoneka kuti n'chokoma."

"Chisoti chakhala bwino," anatero Che Mbwana, akufunafuna chawo chimene chinatsala m'phanga. "Sichinapendekeke."

A Chingolo anagwira chimkuzamawu n'kulengeza kuti iwo, monga Mlonda wa Mbiri, aona zonse, kuphatikizapo dzungu, ndipo mbuzi yasinthadi pakati pa ulendo monga mwa chigamulo. Nthungululu zinamveka. A Ngozo ndi Mayi Namaona anakumbatirana.

Nthungululuzo zisanathe, kunamveka belu la njinga. Bambo wina wochepa thupi, thukuta lili kamukamu, anadutsa pakati pa ovina akukankha njinga yomangirira zitini zisanu ndi chimodzi za penti, zonse zosatsegula.

"Pepani akuluakulu, ndine Tepeka, wojambula uja. Chikalata chanu n'chachitali, ndamaliza kuwerenga dzulo. Khoma lake ndi liti, ndiyambepo?"

Ng'oma zinaleka imodziimodzi.

"Apampando," anatero Jenala, "kodi tafika pa nambala 14?"

Sanadikire yankho. Anapita kuphanga n'kukoka nsalu ija. Mababu a sola ankawala bwino kwambiri. Khoma lonse, kuyambira kolowera mpaka kotulukira, linali loyera mbee ndi laimu.

Mkulu wa Zishango anayang'ana kumwamba ngati akuyeza mvula. Mkulu wa Amayi Osajambulidwa anayamba kumanga bwino chitenje chimene chinali chomanga kale. A Chingolo anayang'ana khomalo nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa wojambula, yemwe anali atayamba kutsegula chitini ndi supuni.

"Bambo, tsekani chitinicho mubwerere kwanu. Miyezi isanu ndi iwiri takhala tikufunafuna chithunzi chokomera aliyense. Lero tachipeza, ndiye inu mukufuna mutiwonongere?"