Tsiku limene ndinalanda jekete langa pakati pa sewero

Mpaka lero ndikakhala ku Limbe n'kuona patali ana ovala yunifolomu ya kusukulu ya mwana wanga, ndimawoloka msewu. Ana amenewo dzina langa salidziwa. Amangoti "a Jekete". Ndifotokoze mmene zinakhalira, inu mundiweruze nokha.

Mwana wanga wamkazi, Tadala, anali Folomu 4. Mphunzitsi wawo wa Chichewa analemba yekha sewero loti ana aziphunzirapo, n'kuwapatsa ntchito yoti afotokoze mmene mtsikana wa m'seweromo, Lusungu, akusinthira kuyambira poyamba mpaka kumapeto. Nkhani yake inali yotere: Lusungu, mwana wa m'banja lochita bwino, foni yake inasowa pa depoti ya mabasi. Iye analoza bambo wina wonyamula katundu kuti ndiye waba. Anthu sanafunse kawiri, anamumenya bamboyo mpaka kumugoneka m'chipatala. Atafika kunyumba, Lusungu anaipeza foni ija m'chikwama chake chomwe, italowa pamene panang'ambika.

Tsiku lina nditangoweruka kuntchito, Tadala anandipeza pakhonde kwathu ku Chitawira, mapepala ali m'manja.

"Adadi, mundithandizeko. Lusunguyu akusintha bwanji?"

Ndinawerenga masamba oyambirira okha, n'kumubwezera.

"Apa palibe chovuta. Lemba kuti ndi mwana wopupuluma, woleredwa mosasatitsa. Basi."

"Koma aphunzitsi akuti tione zimene zikumuchitikira mumtima."

"Mumtima mwa munthu wa papepala? Iwe, ine mayeso amenewa ndinakhoza iwe usanabadwe."

(Ndinakhozadi, koma chinandinyamula ndi masamu. Pa Chichewa ndinangopulumukira mkamwa mwa mbuzi, ndipo izi Tadala sadziwa.)

Anangonyamula mapepala ake. Patapita masiku anadzandiuza kuti seweroli alichita pa mpikisano wa masukulu, ndipo mnzawo wina akufuna kubwereka jekete. Ndinapereka la khofi lija, limene ndimavala ndikamalengeza kutchalitchi. Sindinafunse kuti iyeyo achitapo chiyani. Ndinkaganiza kuti azikoka makatani.

Loweruka masana ine ndi amake Tadala tinakwera minibasi wa ku Limbe. Holo inali itadzaza: ana a masukulu osiyanasiyana, makolo, ndi majaji atakhala pa tebulo lawo kutsogolo. Ine ndinasankha mpando wa mzere wachiwiri, chifukwa ndimakonda kuoneka. Cholinga changa chinali kuwodzera mwaulemu.

Katani itatseguka, tulo tinathawa. Lusungu anali Tadala.

Abale, ine mwana ameneyu ndimamudziwa. Ndi yemwe amatafuna mawu ukamutuma kukapereka moni kwa alendo. Koma pa siteji paja panaima munthu wina. Pamene ankaloza bambo wa katundu uja, chala chili njo, ndinamva manyazi ngati walozadi. Pamene anapisa dzanja m'chikwama n'kuigwira foni ija, sanakuwe, sanagwe pansi ngati mmene ana amachitira m'masewero. Anangoima, dzanja lili m'chikwama momwemo, nkhope ikusintha pang'onopang'ono. Holo yonse inati zii. Ngakhale mnyamata amene ankakukuta chimanga chokazinga kumbuyo kwanga anasiya.

Kuchokera apo ndinayamba kuona zimene ndinakana kuwerenga. Lusungu anayamba ndi kudzikhululukira, ati aliyense akanaganiza chimodzimodzi. Kenako anayamba kukana chakudya. Kenako anapita kuchipatala n'kuima pakhomo pa wodi, osalowa. Mkazi wa bambo uja anamudutsa atanyamula phala, n'kumupatsa moni mwaulemu osamuzindikira. Apa misozi inafuna kutuluka. Ndinanamizira chifuwa.

Kenako analowa bambo ake a Lusungu, mkulu wa mpingo, munthu wolemekezeka m'tauni. Anali kamnyamata kowonda, atakajambula ndevu ndi makala. Katavala jekete langa.

Sindikudziwa ngati anachita dala, koma kankayenda ngati ine. Manja kumbuyo. Kutsokomola kaye kasanalankhule. Amake Tadala anandigunda ndi chigongono, ine osawayang'ana.

Lusungu anagwada n'kunena kuti akufuna kukaulula kwa banja lija ndi kupolisi. Bambo aja anakoka kolala ya jekete langa n'kuti, "Dzina la banja lino ndalimanga zaka zambiri. Munthu wa pa depoti achira, dzina silichira. Ukakatsegula pakamwa, usadzapondenso pakhomo pano. Si iwe mwana wanga."

Chimene chinandigwira sindichidziwa. Ndinangozindikira ndaimirira.

"Iwe! Mwana ameneyo usamuopseze! Akunena zoona!"

Anthu anatembenuka. Amake Tadala anandigwira lamba wa buluku. "Bambo a Tadala, khalani pansi. Ndi sewero."

Munthu wanzeru akanakhala. Ine ndinapitiriza.

"Ndipo zopusa zimenezo usamalankhule utavala jekete langa! Vula!"

Holo inaphulika ndi phwete. Ana ena anagwa m'mipando. Choipitsitsa n'chakuti kamnyamata kaja, mwana woleredwa bwino, kanati "Pepani adadi," n'kuyambadi kuvula. Mkono umodzi unali utatuluka kale. Mphunzitsi wawo, ataima m'mbali mwa siteji, anagwira kumutu. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera, ndipo ndinaona bwinobwino chimene ndachita: ntchito imene ana anaikonzekera teremu yonse ndaiphera pamaso pa majaji.

Tadala sanaseke. Sanalirenso. Anadzuka pamene anagwada paja, nabwera m'mphepete mwa siteji, n'kundiyang'ana ngati munthu amene sanamuonepo chibadwire. Anadikira mpaka phokoso litatsika.

"Bambo inu," anatero, "tsiku lija pa depoti munalipo. Nonsenu munalipo. Palibe anaimirira. Lero khalani pansi, ndilankhule ndine."

Mawu amenewo m'sewero mulibe. (Ndinakafufuza pambuyo pake, tsamba ndi tsamba.) Anawatenga pomwepo, m'mutu mwake, holo yonse ikuseka bambo ake.

Ndinakhala pansi. Kuseka kunazima ngati wathira madzi pamoto. Iye anatembenukira kwa kamnyamata kaja, nakabwezera mkono m'jekete, n'kukonza kolala bwinobwino monga mwana amachitira ndi bambo ake. Kenako anati, "Ndikupita, adadi," natuluka. Chigawo chomaliza, pamene Lusungu akuima pamaso pa mkazi wa phala uja n'kutchula dzina lake, ndinachionera m'misozi. Sindinanamizirenso chifuwa.

Sukulu ya Tadala inatenga malo achiwiri. Mkulu wa majaji, mayi wa magalasi, poyamikira ananena kuti nzeru yobisa wosewera mmodzi pakati pa anthu oonerera inali yabwino zedi. "Koma bambo amene munawapatsa mbali imeneyo," anatero, "anawonjeza kwambiri. Ulendo wina muwaphunzitse kudziletsa." Mphunzitsi uja anangogwedeza mutu, osawongola. Pakhomo anandigwira chanza nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka.

M'minibasi pobwerera tinakhala atatu pampando wakumbuyo. Ndinkayembekezera kuti Tadala andikalipira. Tinadutsa Chichiri. Kenako anati:

"Adadi, munakuwa bwino. Koma zikanakhala zenizeni, ine ndi amene ndaloza munthu, inu mawa lake mukulengeza kutchalitchi, mukanandiuza chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe msanga monga mwa chizolowezi. Koma ndinaganiza za anzanga akuntchito, za akuluakulu ampingo, za anthu oyandikana nafe ku Chitawira. Kondakitala anaitana siteji yathu ndisanayankhe, ndipo titatsika ndinangoti, "Mwanawe, sindikudziwa."

"Lusungunso poyamba sankadziwa," anatero, n'kutsogola.

Chaka chino mng'ono wake wa Tadala walowa gulu la zisudzo. Amake anena kale kuti tikamapita kukaonera tikakhala mzere womaliza, pafupi ndi chitseko. Ndavomera. Koma ndawauziratu kuti ngati munthu akaopsezenso mwana pa siteji, sindikulonjeza kanthu.