Dzina Nditcha Ndine

Lolemba

Ndalumbira lero: dzina nditcha ndine!

Makompyuta onse asanu ndi atatu akuyaka. Ndi aja inatipatsa ofesi ina ya ku Limbe itatopa nawo, tinawaika m'kachipinda kowerengeramo kuseri kwa tchalitchi chathu. Anabwera akutsokomola ngati nkhalamba za fodya. Ndinafufuta zonse zinali m'katimo n'kuikamo Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene sagulitsa, imenenso aliyense ali ndi ufulu woisintha. Ine ndaisintha ndithu. Miyezi isanu ndakhala ndikudula zolemetsa ndi kumasulira mawu ake m'Chinyanja. Pamene panali Chingerezi pano pakuti Tsekula, Sunga, Zimitsa. Loweruka tikutsekulira chipindacho pamaso pa mpingo wonse. Chatsala ndi dzina basi.

Anzathu akunja opanga mapulogalamu otere satcha mwachisawawa, amakhala ndi lamulo. Ena mtundu uliwonse watsopano amautcha dzina la nyama. Ena amatsata mayina a akazi okhaokha, ena a zidole za m'kanema. Nanga ife a ku Chiradzulu tilephere chiyani?

Zinthu zimene ndinatchapo dzina chibadwire changa: palibe.

Chisomo, mwana wanga woyamba, anatcha ndi amalume anga. Tadala anatcha ndi amalume a mkazi wanga. Galu anatcha ndi apongozi, ndili m'chaka chachiwiri pa chikamwini, ndipo anamutcha Sakhalitsa. Kumene unkaloza muviwo ndinakudziwa, sindine mwana. Galuyo pano wakalamba, ine ndidakalipo. Zaka khumi ndi chimodzi ndikulima munda wa eni, ndikupatuka m'njira apongozi akamabwera, monga mwambo ufunira. Sitinayankhulanepo maso ndi maso. Mawu awo amandipeza kudzera mwa mkazi wanga, kapena mwa galu.

Koma mwana uyu ndi wanga. Lamulo langa: nyama zamphamvu. Woyamba ndi Njobvu 1.

Lachiwiri

M'mawa ndakhoma chikwangwani pa Njuli, pafupi ndi pamene amaima a kabaza. Zilembo zikuluzikulu: NJOBVU 1 IKUFIKA KU TCHALITCHI. YAULERE. BWERANI NONSE.

Chokongola zedi!

Masana foni ya abusa. Akuti ndifike msanga, ndipo mawu awo si a munthu amene akufuna kundidalitsa.

Ndikupeza mzere wa anthu kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka pamjigo. Aliyense thumba kukhwapa. Ndinaiwala kuti uno ndi Okutobala, mizere ili kale m'minda, anthu akungoyang'ana kumwamba. Ndinaiwalanso kuti kuno dzina la nyama likatsatana ndi nambala ndiye kuti ndi mbewu ya chimanga. Onjezerani mawu akuti yaulere.

Bambo wina akufunsa: “Imacha masiku angati imeneyo?”

Mayi wina wa ku Likoswe, wabwera pa kabaza ndi matumba awiri: “Ndiye mukuti Njobvu yanuyo sadzala? Nanga chaulere chake n'chiyani?”

Ndafotokoza mpaka malovu kuuma. Dzuwa lili paliwombo. Ena achoka akutukwana chamumtima, ena mokweza. Ndakachotsa chikwangwani ndekha, a kabaza akundikuwiza kuti abwana a makuponi afika.

Ndadutsa m'sitolo ya mbewu kuti ndione. Njobvu ilimo. Mkango ulimo. Mbidzi, ngakhale kanyani. Atenga zonse!

Sindikufooka. M'tchire nyama sizinathe.

Lachitatu

Msonkhano wa komiti ya chipinda. Wapampando ndi a Namaona, mphunzitsi wopuma ntchito amene cholembera chofiira sanachipumitse. Ndapita ndi nyama zina zisanu, ndabwerako nazo zili mitembo.

Tambala: “Mukufuna atitche achipani?”
Kadzidzi: abusa angondiyang'ana.
Nkhumba: anansi athu Achisilamu nawonso adzatumiza ana awo m'chipindamo.
Fisi: amayi awiri a m'komiti anayamba kutolera zikwama.
Bilimankhwe: a Namaona akuti n'zoona makina ake amayenda choncho, koma si bwino kulengeza.

Apa m'pamene ndapalamula. Pofuna kuti amvetse ulemerero wa ntchito yanga, ndaimirira n'kuyamba kulalika. Ndati pulogalamu imeneyi ilibe mwini. Ndati ili ngati mjigo wa m'mudzi, aliyense atunga, aliyense akonza. Ndati chimene sichikukusangalatsa uli ndi ufulu wochisintha, palibe wokuletsa. Ndayankhula bwino kwambiri moti mpaka andiombera m'manja.

A Namaona alemba zonse m'kope. Kenako avula magalasi. “Ngati ilibe mwini, ndiye kuti dzinalo n'la tonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.”

Pakamwa panga, pakamwa panga!

Abusa akufuna mayina a makhalidwe abwino: Chikondi 1, Chimwemwe 2, Mtendere 3. Ndawakumbutsa mwaulemu kuti theka la ana a mumpingo muno ndi a Chikondi ndi a Chimwemwe. Tsiku limene wina adzathamange kukanena kuti Chimwemwe wafa, amayi asanu adzakomoka tisanafotokoze kuti tikunena makina. Abusa avomereza, koma monyinyirika.

A Namaona akufuna mayina a madera. Njuli, Kadewere, Likoswe, kumangopita choncho. Wina wafunsa kuti woyamba akhale uti. Msonkhano wathera pomwepo, ndipo pemphero lotsekera linali lalifupi.

Agwirizana chimodzi: pakhomo la chipinda paikidwe bokosi, aliyense aponyemo dzina.

Bokosi si vuto. Mawu achinsinsi olowera m'makinawo ndimawadziwa ndekha.

Lachinayi

Bokosi ladzaza dzuwa lisanapendeke. Ndi katoni ya sopo, ndaboola ndekha ndi mpeni, ngati munthu wokumba dzenje lake lomwe.

Zimene zilimo:
Kadewere, kasanu ndi kawiri, zolemba za dzanja limodzi.
Likoswe, kasanu ndi katatu. Ayenera kuti anamva za a ku Kadewere.
Dzina la kwaya ya achinyamata.
Dzina la timu ya mpira.
Dzina la mtsikana wina, ndi kamtima pambali.
“Mbewu ija ibwera liti?”

Nthumwi ziwiri za ku Kadewere zandipeza ndikupukuta fumbi. Akuti matebulo a m'chipindamo anapala ndi kalipentala wa kwawo, ndisaiwale. Atangotuluka, a ku Likoswe. Akuti mchenga wa pansi pa matebulowo anatuta ndi iwo. Onse ndawayankha kuti tiona. Kuona kwake ndikudziwa ndine.

Pobwerera ndinaima pakhonde la tchalitchi kuthawa dzuwa, ndipo m'pamene ndinaona anamzeze akumata chisa chawo kudenga. Kambalame kopepuka, kachangu, kosadya za munthu. Sikali pa thumba la mbewu. Sikali pa mbendera ya chipani. Palibe amakaopa, palibe amakasala.

Namzeze 1!

Lamulo latsopano: mbalame zing'onozing'ono. Namzeze, Timba, Pumbwa, Mpheta. Zokwanira zaka zambiri. Sindiuza munthu, ngakhale mkazi wanga. Makamaka mkazi wanga.

Lachisanu

Ndalemba Namzeze 1 m'makompyuta onse asanu ndi atatu. Ukangoyatsa, dzinalo likubwera pakati pa galasi, kambalame kali pambali. Kujambula kambalameko kwanditengera m'mawa wonse, poyamba kamaoneka ngati mleme. Ndayatsa ndi kuzimitsa kasanu kuti ndingoliona dzinalo likutuluka. Mtima wanga unachita kuti myaa. Ndinene zoona, misozi inalengeza. Chinthu choyamba padziko lapansi chokhala ndi dzina lochokera m'mutu mwanga.

Amayi a chigwirizano abwera kudzasesa ndi kukolopa. Makina onse awafunditsa zitenje, akuti mwana satuluka m'chikuta anthu asanasonkhane. Zandikomera. Mawa tidzavundukula, anthu adzawerenga, nkhani idzathera pomwepo. Cholembedwa chalembedwa.

Kunyumba mkazi wanga akusankha nandolo, osandiyang'ana. “Bambo a Chisomo, amayi amva zoti muli ndi mwana wopanda dzina.”

Ndati ndi nkhani ya kutchalitchi imeneyo.

“Akuti munkamupangira pakhonde pawo, ndi magetsi a sola yawo. Akuti wabadwira pamudzi pano.”

N'zoona, sola ndi yawo. Khonde ndi lawo. Ngakhale mpando umene ndinkakhalira ndi wawo. Ndipo wapampando wa amayi a chigwirizano, amene adule riboni mawa, ndi iwo omwewo. Nkhani ya riboniyi anagwirizana Lachitatu pamene ine ndinali kalikiliki kulira Bilimankhwe.

Sakhalitsa wagona pakhomo, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndilimba mtima. Dzina lili kale m'makina.

Loweruka

Anthu adzaza. Kwaya yaimba nyimbo zitatu, abusa apemphera, a Namaona awerenga mbiri ya chipinda kuyambira pa njerwa yoyamba. A ku Kadewere akhala mbali ino, a ku Likoswe mbali inayo, onse maso ali pa katoni ya sopo. Ine malaya oyera, dzanja langa lili pa chitenje choyamba.

Apongozi adula riboni. Nthungululu. Ndikuti ndikoke chitenje, iwo akweza dzanja. Sakuyang'ana ine, akuyang'ana mwana wawo, mkazi wanga.

“Tafunsa, mwanayu dzina ndani?”

Ndatsekula pakamwa, a Namaona andidula. “Pepani aphunzitsi a makina. Kwathu kuno wobereka satcha yekha.” Mpingo wonse wavomera. A mbali ziwiri zija avomeranso, aliyense pofuna kuti mnzake asapambane.

Apongozi akuti sangatche mwana asanamve khalidwe lake. Mafunso akupita kwa mkazi wanga, mkazi wanga kwa ine, mayankho akubwerera njira yomweyo, ngakhale tonse taima pamphasa imodzi.

Kwawo n'kuti? Kutali.
Tinapereka chiyani kuti abwere? Palibe.
Amadya zambiri? Ayi, ngakhale makina okalamba amamukwana.
Akalakwa? Aliyense atha kumukonza.
Amadandaula? Ayi.

Apongozi agwedeza mutu. “Aa, ameneyu tikumudziwa. Ameneyu ndi Mkamwini.”

Tchalitchi chinatsala pang'ono kugwa. Abusa akupukuta misozi ndi mpango. Amuna onse okwatira kumbuyo uko akuseka, koma kuseka kwa anthu opwetekedwa pamodzi.

Ndakoka chitenje ndi mphamvu zanga zomaliza. Namzeze 1, kambalame kali pambali, kokongola.

A Namaona atsekula kope lawo, avala magalasi, awerenga mawu anga a Lachitatu osaphonya ndi limodzi lomwe. Chimene sichikukusangalatsa uli ndi ufulu wochisintha, palibe wokuletsa. Atseka kope. “Tasinthani, aphunzitsi.”

Ndasintha. Makina asanu ndi atatu, amodziamodzi, anthu akuyang'ana zala zanga. Komiti yakhazikitsanso lamulo pomwepo: mayina azitsata ubale. Wachiwiri adzakhala Mtengwa, wachitatu Mlamu. Ndiye lamulo lenileni, lomveka, losavuta kukumbukira, loposa la mbalame. Chimenecho ndicho chikundiwawa kwambiri.

Ndili pa makina omaliza, apongozi aima pambali pa makina oyamba. Akusisita pamwamba pake ngati mutu wa mwana, akuyankhula ndi galasi, koma mokweza ndithu.

“Iwe Mkamwini, poyamba tinkati sukhalitsa. Koma ndiwe wopirira. Ukanachoka iwe, denga lija likanatigwera kalekale. Anthu akusamale.”

Makinawo anafika mwezi wa Meyi. Denga la apongozi ndinafolera ine, chaka chathachi.

Ndinalakwitsa mawu achinsinsi kawiri.

Lamulungu

Sindinapite m'chipinda. Potuluka m'mapemphero ndamva ana akufunsana kuti Mkamwini atsekula nthawi yanji. Mayi wa ku Likoswe uja wandipatsa moni, akuti adzatumiza mwana wake adzaphunzire kwa Mkamwini, ngakhale sadzala. Dzina lagwira. Ngakhale nditalowa ndi mawu anga achinsinsi n'kubwezera Namzeze, m'kamwa mwa anthu mulibe polowera.

Kambalame ndakasiya pagalasi. Palibe wafunsa kuti n'ka chiyani.

Zinthu zimene ndinatchapo dzina chibadwire changa: palibe. Namzeze anakhala tsiku limodzi, ali chifundire chitenje.

Masana mkazi wanga walowa ndi nkhuku yathadzi, yamawangamawanga, miyendo yomanga ndi luzi. Akuti yachokera kwa amayi. Wotcha dzina sabwera chimanjamanja, ndiye mphatso ya mwana, ndipo poti mwanayo sadya nkhuku, asunge ndi bambo ake. Nkhuku yangayanga, pamudzi pano!

Ndaimasula, ndaimwazira madeya. Ndati chabwino, makina apita, koma iyi nditcha ndine. Ndayamba kuganiza. Timba? Mpheta?

Mkazi wanga waima pakhomo, akuseka chamumtima. “Musavutike, bambo a Chisomo. Yabwera ndi dzina kale.”

Ndinadziwa. Ndafunsa kuti ndani, ndikuyang'ana Sakhalitsa.

“Akuti Ngwathu.”

Ndakhala pansi pakhonde. Khonde lawo lomwe lija. Sindinatsutse.