Flashi ya alamu anga

Mpaka lelo, ndikangogwila laputopu ya pakhomo, mkazi wanga amandiyang'ana ngati mwana watola mpeni. Sindingamuimbe mlandu, ali ndi chifukwa.

Laputopuyo inali ya malemu apongozi anga aamuna, omwe anathawa nkhondo ku Mozambiki n'kukhazikika kuno ku Petauke. Zithunzi zawo zonse zinali m'menemo, poti zapapepala chiswe chinadya kalekale. Banja linasankha chimodzi choti chiikidwe pa mwala wa pamanda, ndipo wokachipeleka kwa osema mwala anali ine, mkamwini wodziwa makompyuta (udindo umenewu ndinadzipatsa ndekha).

Vuto linali alamu anga aMumba a ku Nyimba. Akangofika, moni asanapeleke, flashi yawo ili kale m'laputopu, kukopa nyimbo ndi chilichonse apeza, n'kutisiyila mavailasi. Ndinawakalipila mpaka kutopa. Ndiye ndinaganiza zoika Linakisi, pulogalamu ina yoyendetsela kompyuta, pambali pa Windozi yomwe inalimo, poti ndinamva kuti mavailasi sakhalamo. Nyumba imodzi, zipinda ziwili, basi.

Ndinayamba ndikuimba mluzu. Kompyuta inafunsa ngati ndikufuna kugawa disiki kapena kuitenga yonse. Tsoka ilo aneba anali kumbuyo kwanga kuonelela, ndipo katswili sawelenga pang'onopang'ono pamaso pa anthu. Ndinangodina.

Itayakanso, Linakisi ndi uyu, wowala bwino. Windozi kulibe. Zithunzi kulibe. Ndinazimitsa, kuyatsa, kuiuzila mpweya, thukuta lili kamukamu. Aneba anakumbukila mwadzidzidzi kuti asiya mbuzi pamsewu.

Kwathu kuno mkamwini salankhula ndi apongozi aakazi maso ndi maso, choncho ndinagwada kuseli kwa chitseko, mkazi wanga n'kunyamula mawu. Sanawakometse ngakhale pang'ono.

"Amama, akamwini anu afufuta atate."

Kenaka apongozi anati chapansipansi, "Ndiye kuti amuna anga amwalila kawili."

Mawu amenewo anandibaya, ndinalakalaka akanangonditukwana.

M'mawa mwake ndinakwela minibasi kupita ku Nyimba kukaulula kwa alamu, poti ndiwo aakulu m'banjamo. Anandimvetsela mpaka kumapeto, n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenaka anatulutsa flashi ija, yomangilila ku makiyi a njinga. Kani iwo alibe mtima wosankha nyimbo imodziimodzi, amangokokolola zonse. Pakati pa nyimbo za kwaya panali chithunzi chija cha malemu apongozi anga, atavala jekete yawo ya ku tchalitchi, akumwetulila.

"Mulamu," anatelo, "mufuna zithunzi zokha, kapena ndi mavailasi omwe?"

Ndinalila, abale, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Chithunzicho chili pa mwala tsopano. Apongozi anatumiza mawu othokoza, n'kuwonjezela kuti laputopu aziigwila ndi aMumba. Ine ndikuonabe kuti Linakisi analibe mlandu, ndipo tsiku lina ndidzayesanso aneba kulibe. Koma alamu akafika masiku ano ndimawaphela nkhuku, ndipo ndisanafunse za ana, ndimayamba ndafunsa ngati flashi yayenda bwino.