Ntchito Yochotsa Chipale pa Mlongoti

Lolemba
Ndaipeza! Kampu ya ofufuza kumalekezero a dziko, kummwera kozizira kuja, ikufuna wothandiza kukhitchini. Ntchito ina: kuchotsa chipale, ayezi wogwa ngati mvula uja, pa mlongoti wa GPS. Intavyu Loweruka, pa foni. Zaka zitatu ndikuwotcheka ngati chimanga mu Doha muno, khalas, zakwana! Kavuto kamodzi: chipale sindinachionepo.

Lachiwiri
A Mbewe, oyeza malo aja a kutchalitchi kwathu, andifotokozera. Ndalemba:
– chipale chikaunjikana pa mlongoti, uthenga wa masetilaiti umachedwa, makina n'kunama kutalika kwa malo ndi masentimita angapo;
– uthenga wina umanjanja pa ayezi, n'kufika kawiri;
– kumeneko masetilaiti amadutsa cham'munsi, safika pamutu.
Akuti, "Mwanawe, ingoloweza." Kuloweza n'kwa ana a sukulu. Ine ndikufuna ndikawauze a kukampu kuti ndinayesa ndekha.

Lachitatu
Ndapala ayezi wa mufiliji yathu ndi supuni, mbale yodzaza. Pulani: ndikwere padenga, foni pansi, ayezi pamwamba, ndione ngati kadontho ka pamapu kasunthe. Lifiti yafa. Masitepe osatha. Ndafika ndi mbale ya madzi ofunda.

Lachinayi
Ayezi wakana kupita kwa foni, ndiye foni ipite kwa ayezi. Theka la ola mufiliji, pakati pa nkhuku za anzanga. Potulutsa, kadontho kachoka kwathu kuno ku Al Mansoura, kali pakati pa nyanja! Sayansi yeniyeni! Ndavina ndekha m'khitchini. Tadala, wogona bedi la pamwamba panga, akuti chakudya cha anthu si malo a foni. Nsanje basi.

Lachisanu
Potuluka m'tchalitchi (kuno timapemphera Lachisanu) ndawauza a Mbewe. Aseka mpaka kutsamira galimoto ya eni. Akuti si ayezi, n'chitsulo cha filiji chinatchinga uthenga wonse. Ndi akuluakulu, ndangoti zikomo, koma ndasunga mumtima.
Ndiyesanso padenga, ndi ayezi wambiri. Supuni ikuchedwa, ndatenga mpeni. Psiii! Ndabowola kapaipi, mpweya wonse watuluka, filiji yapuma. Muli nyama ya anthu asanu.

Loweruka
Intavyu. Kamera ya foni yachita nkhungu mkati, mzimayi wa kukampu akuti akuona mtambo wolankhula. Mfundo zitatu zija ndayankha osapunthwa, akuvomera ndithu! Ndayamba kuganiza za majuzi. Kenako akufunsa kuti ayezi akauma gwa pa mlongoti ndingatani. Ine ndi mtima wonse: mpeni.

Tadala kuseri kwa katani: "Uwauzenso za filiji."
M'Chingelezi! Mzimayi wamva. Wafunsa. Ndafotokoza.

Lamulungu
Yankho lafika m'mawa: ayi. Akuti mlongoti amaupukuta ndi bulashi yofewa, osaugwedeza n'komwe. A Mbewe amadziwa zimenezi, sanandiuze.
Nyama yonse taphika isanawole, tikudya asanu osayang'anana. Madzi akumwa ndi otentha ngati tiyi. Shifiti kuhotela 2 koloko, yalla, tiyeni.
Tadala wandiikira ntchafu yaikulu m'mbale. Ndadya. Sindinamukhululukire.