Nyimbo imene ndinapempha kuti ibwerezedwe

Amati chakudza sichiyimba ng'oma, koma changa chinabwera ndi banjo, masana dzuwa likuswa mtengo. Oyimbawo sindiwada ayi. Anthu aja anayesetsa kundichitira chifundo, koma pakamwa pangapa ndi pamene panandigulitsa.

Ndinabwera ku Kamwendo kuchokera kwathu ku Thyolo ngati mlangizi wa ziweto. Ntchito yanga inali yozungulira m'midzi kubaya nkhumba ndi mbuzi, ndipo m'dera lonselo wa ntchito imeneyi ndinali ndekha. Mkazi wanga ankachita geni ya zitenje. Ankakapikula ku Chipata, ndipo tsiku la ulendo ndinkamukweza panjinga m'mamawa kukamutula pasiteji. Ankakonda minibasi imodzi yomweyo, ati dalaivala wake sathamangitsa galimoto. (Ine ndinkayamikira. Tsiku lina ndinamupatsako mtedza bambo ameneyo.)

Anthu atakolola, mwini chigayo wina anamanga mpanda waudzu kuseri kwa chigayo chake n'kuitana magulu oyimba a m'midzi. Loweruka limenelo mayi anali ku Chipata, nyumba ili zii, ndiye ndinakatenga a Mwale, aphunzitsi oyandikana nawo nyumba.

"Alangizi, bwanji tingopita kukaonera mpira?" anatero a Mwale.

"Mpira ulipo sabata iliyonse. Tiyeni."

Anabwera, koma akuyenda ngati akupita kukazulitsa dzino.

Gulu loyamba linali lochokera tsidya la Zambia. Linayimba bwino ndithu, ine n'kumamwa masese anga pang'onopang'ono. Kenako panalowa amuna atatu a cha ku Kachebere. Mtsogoleri wawo, bambo waimvi, anali ndi banjo ya chigubu cha mafuta, zingwe zake za waya wa buleki. Wina anakhalira babatoni, chigitala chachikulu cha chingwe chimodzi chija, wachitatu ali ndi zisekese. Babatoni itangoti du du du, anthu anakuwa chifukwa nyimboyo ankaidziwa. Ine ndinali ndisanaimvepo.

Mumukweza nokha panjinga, bambo,
mumutula nokha pasiteji,
muyende bwino, tsalani bwino,
wa minibasi akuthokoza.

Ndinaseka mpaka misozi. Ndinagunda a Mwale ndi chigongono n'kunena kuti, "Koma pali amuna ena ogona pansi pano." Iwo anangoyang'ana nsapato zawo.

Miyendo inayabwa, ndinalowa m'bwalo. Anthu anandipatsa malo, ovina ena onse n'kubwerera m'mbuyo mpaka ndinatsala ndekha pakati. Azimayi anatseka pakamwa ndi zitenje. (Ine mumtima ndinkati aone mmene timathyolera ku Thyolo.) Nditayandikira kutsogolo, bambo wa banjo uja anandiona. Nkhope yake inasintha, ndipo nyimbo anaidula pomwepo.

A Mwale anandikoka malaya. "Alangizi, chonde tiyeni tizipita."

Ndinawakankha dzanja n'kukuwa kuti, "Ibwerezedwe!"

"Bwana, tili ndi nyimbo zina zokoma," anatero woyimbayo, mawu ali pansi. "Tiyimbeko ya mvula."

"Ayi, yomweyo. Ndipo musaidule. Ndaona kuti mwaidula."

Anayang'ana wa babatoni, wa babatoni anayang'ana kumwamba. "Mwapempha nokha, bwana."

Ulendo uno ndinavina moposa poyamba, ndikuyimba nawo, ndipo pa mawu akuti wa minibasi akuthokoza ndinkachita kugwada n'kuwomba m'manja. Atafika pamene anadulira paja, mkulu uja anatseka pakamwa n'kumangokhwatcha banjo. Anafuna kundipulumutsa kachiwiri. Koma kumbuyo kunali achinyamata oledzera amene sadziwa chisoni, ndipo ndime yotsalayo anaiyimba ndi iwo.

Nkhumba za eni mubaya jakisoni,
khola lanu lilibe chitseko.

Mwendo umodzi unali m'mwamba. Sindikumbuka kuti ndinauponda bwanji pansi. Banjo inasiya, babatoni inasiya, zisekese zinalira pang'ono n'kusiyanso. Khomo la mpanda linali limodzi lokha, kumbuyo kwa anthu onsewo, moti ndinayenera kudutsa pakati pawo. Akanaseka zikanakhala bwino. Palibe anaseka. Ankangondipatukira ngati mmene amapatukira anamfedwa pamaliro, ndipo mayi wina ndinamumva akuti, "Pepani, alangizi." Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Tili pamsewu ndinafunsa, "A Mwale, inu mumadziwa?"

"Ana a m'kalasi mwanga amaiyimba akamasesa."

"Ndiye osandiuza?"

"Ndikanayamba ndi mawu ati, alangizi?"

Mkazi wanga anabwera mawa lake madzulo. Ndinali ndikupempherabe kuti akane, andikalipire, anene kuti anthu a kuno ndi amiseche. Ndikanamukhulupirira, ndikulumbira. Anatula mtolo wa zitenje n'kukhala pampando.

"Ine ndimayesa mukudziwa, mukungofuna mtendere," anatero.

Ankhoswe anabwera, anakamba zimene amakamba, koma panalibenso chomanga. Analongedza katundu wake n'kupita, ndipo ndimamva kuti ali ku Boma. Ine ndidakali konkuno, ndikubayabe nkhumba za eni. Alimi amandilandira mwaulemu wopitirira muyeso, ulemu wake wopweteka uja.

Phunziro lilipo, ndipo ndikupatsani ulere: woyimba akadula nyimbo atakuonani, musiyeni, akudziwa chimene akuchita. Koma chondipweteka kwambiri n'chakuti nyimboyo ndi yokoma. Dzulo lomweli ndikuchapa malaya anga kuseri kwa nyumba, ndinangozindikira kuti a Mwale aima pampanda akundiyang'ana mwachisoni. Ndinali ndikuiyimbira mluzu.