Kapinga, Thonje ndi Chimanga cha Apongozi

Lolemba
Kapinga wadzaza m'munda wa thonje, mizere sikuonekanso. Chaka chino msana wanga upume! Ndabwera ndi botolo kuchokera ku Zomba, mankhwala opha udzu wokhawokha, thonje osalikhudza. Wogulitsa akuti, "Amasankha okha, bambo." Zofunika: sipuleya, jombo, madzi, tsiku lopanda mphepo. Pakadali pano ndili ndi madzi.

Lachiwiri
Sipuleya ya kukalabu yapita ku Chisi ndi mlembi wathu, kumaliro. Ikukatani kumaliro? Ndabwereka ya alamu. Ikudontha kumsana. Ndamata ndi sopo, ndamanga ndi mphira. Mkazi wanga akuti, "Anzanu amaliza kupalira." Anzangawo alibe sayansi.

Lachitatu
Ndapopera theka la munda. Ndikuti ndipumeko, chimvula! Zonse zatsukika. Gawo la botolo lapita pachabe. Sindibwerera m'mbuyo.

Lachinayi
Ndapoperanso munda wonse mpaka kumalire. Kamphepo kakuchokera kunyanja, koma kakang'ono. Kumalireko kuli mizere isanu ya chimanga cha apongozi, chamakolo, mbewu imene amayi awo anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki. Palibe vuto. Amasankha okha.

Lachisanu
Kapinga ali biriwiri ngati ndamuthira feteleza. Alangizi adutsa pa njinga yamoto, ndawaimitsa. Akuti kapinga afa, koma pakatha masabata awiri. Chisoso sichifa. Dawe, ngakhale amaoneka ngati udzu, safa, poti si udzu. Kenako ayang'ana kumalire kuja. "Ichinso mwapopera? Chimanga ndi udzutu, bambo."
Dawe si udzu, chimanga ndi udzu! Anakonza ndani zimenezi?

Loweruka
Ndikusambitsa chimanga. Phesi ndi phesi, tsamba ndi tsamba, ndowa khumi ndi zinayi. Ndakoka nsonga ya phesi limodzi kuti ndione, yangozuka, kunsi kwafewa. Ndaibwezeramo. Apongozi aima patali, mwaulemu wake, akuuza mkazi wanga: "Uwafunse amunako ngati thonje limaotchedwa."

Lamulungu
Munda ndi wa apongozi. Malo a nyumba ndi a apongozi. Titaweruka kutchalitchi ndapita kukapepesa, mkazi wanga patsogolo, ine pambuyo. Sanakalipe ayi. Angoti ndikawapalirire mpunga kusikimu ya Likangala sabata yonse, ndi manja, m'madzi. "Ndipo botololo lisapondeko. Mpunga nawonso ndi udzu."
Ankadziwa kale! Mudzi wonse unkadziwa, kupatula ine.
Thonje lili bwinobwino. Dawe nayenso.