A Pulofesa Operekeza Alendo

Kwathu ku Phalombe, ukanena kuti ukupita kwa a Pulofesa Namakhwa, anthu ankayamba ayang'ana nsapato zako. A Pulofesa anali ndi matenda amodzi: kuperekeza. Tonsefe timaperekeza alendo, inde, koma timalekezera pamtengo wa mango. Mlendo amati, "Bwererani apa, zikomo," ife n'kubwerera. Iwo ayi. Ankakuperekeza mpaka iwe mwini n'kuiwala kumene umapita.

Kale anali munthu wamkulu. Anatchuka ndi ndakatulo, anakhala mkonzi wa magazini ku Blantyre, anaphunzitsa pa yunivesite, kenako boma linawatumiza kukakhala kazembe kudziko lina lozizira. Ena ankati kunali kuwalemekeza, ena ankati kunali kufuna kuti azikalankhulira kutali. Zipani zambiri zitabwera anapuma ntchito, n'kudzamanga nyumba ya malata m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Boma. Ankakhalamo okha ndi mabuku komanso mipando khumi ndi iwiri imene inkangosonkhanitsa fumbi.

Poperekezapo sankayenda chete. Ankalakatula ndakatulo imodzi yomweyo, yaitali, imene sinalembedwe papepala. Ankati nthawi ya chipani chimodzi anaona anzawo akutengedwa chifukwa cha pepala limodzi, choncho iyi anaisunga m'mutu. Ndipo inkatuluka pokhapokha akuyenda. Ukawakhazika pampando, sankakumbuka ngakhale mzere umodzi.

"Ili m'miyendo," ankatero. "Miyendo ikadzaima, nayonso yapita."

Vuto linali lakuti panalibe amene anaimvapo mpaka pomaliza. Tonse tinkadziwa poyambira pake, ngakhale ana a sitandade wani:

Hilda, kuno ndafika,
anthu akuno sapatsana moni,
dzuwa lawo ndi la m'buku.

Koma pothera pake, palibe. Ndipo a Pulofesa anali atayamba kutsokomola.

Woyamba kugwa m'manja mwawo anali a Wyson, woyendetsa njinga ya kabaza, amene anawabweretsera kalata yochokera ku positi. Atati akwere njinga, anapeza a Pulofesa avala jekete ndi chipewa, agwira kaliyala.

"Bwana, ine ndili ndi njinga."

"Ndaiona. Ndi yabwino. Tiyeni."

"Ndiye kwerani, ndikupalasireni."

"A Wyson, kazembe sakwera kumbuyo kwa mlendo wake. Kankhani."

Anakankha njinga mpaka pamsika. Anthu ankafunsa ngati yaphwa. A Wyson ananena kuti "bwererani apa" kasanu ndi kawiri, ndipo nthawi zonse yankho linali lakuti, "Ndime imodzi yokha." Pamapeto pake analumphira pachishalo n'kuthawa ngati aba nkhuku.

Mayi Zelifa, oyandikana nafe, anaganiza kuti iwo ndi ochenjera. Anati, "Asiyeni andiperekeze, kwathu m'pafupi." Anaperekezedwadi mpaka pakhomo. Koma munthu wamkulu wafika pakhomo pako, ungamusiye abwerere yekha? Anamangirira chitenje n'kuwaperekeza. Atafika kwawo, a Pulofesa anavula chipewa, anathokoza, n'kuchivalanso.

"Tsopano ndinu mlendo wanga. Tiyeni."

Anayenda njira imeneyo katatu, kupita ndi kubwerera. Ndipo nthawi iliyonse akatembenuka, ndakatulo inkayambiranso poyamba. Tsiku limenelo kalongonda wa mayi Zelifa anapserera, kalongonda amene amaphikidwa tsiku lonse osapsa.

"Hilda ameneyo ndamufikira kunja kozizirako kasanu ndi kamodzi," anadandaula motero kwa amayi anga. "Abale, bwanji osangomulembera kalata?"

Chisankho cha 1999 chikuyandikira, kunabwera bwana wina wofuna uphungu, kudzapempha kuti a Pulofesa akakhale patebulo lapamwamba pamsonkhano wake. Ameneyu anali ndi galimoto, ndipo tonse tinati wapulumuka. A Pulofesa anangoika dzanja pazenera n'kuyamba kuyenda. Galimoto ija inakwawa ngati ili pamaliro. Mbuzi zinkaipitirira. Achinyamata a chipani anaimba kumbuyoko mpaka nyimbo zinawathera. Atafika pabwalo, anthu anali atabalalika, kwatsala amayi ogulitsa nzimbe okha.

Kuyambira pamenepo anthu anaphunzira. Wobweretsa uthenga ankakuwa ali kumsewu, phazi limodzi lili kale kutsogolo. Alendo anachepa, kenako anatheratu. Ine ndikamapita kumjigo ndinkawaona atakhala pakhonde, jekete atavala kale, chipewa chili pabondo, akuyang'ana njira.

Nthawi imeneyo n'kuti nditalemba mayeso a Fomu 4, ndikudikira zotsatira. Ndine munthu wamanyazi. Kusukulu aphunzitsi ena anamaliza chaka osadziwa mawu anga. Tsiku lina m'mawa amayi anandipatsa mbale ya nandolo kuti ndikapereke.

"Ukangoika pakhonde, uthawe. Wamva, Rozaria?"

Ndinaika pakhonde. Kuthawako n'kumene kunandikanika, chifukwa anali atandipatsa kale moni.

"Mwana wa ndani iwe?"

Ndinayankha, koma ndikuganiza kuti zinamva ndi nyerere zokha.

"Chabwino. Tiye ndikuperekeze."

Kwathu kunali pafupi kwambiri moti tinafika Hilda asanauzidwe n'komwe za dzuwa la m'buku. Apa mpamene ndinayenera kunena kuti "bwererani apa." Ndinatsegula pakamwa, koma kudula mawu munthu wamkulu, wa imvi, akulakatula, kunandilemera. Tinapitirira nyumba yathu. Amayi anaima pakhomo atagwira tsache, kukamwa kuli yasa.

Tinadutsa pamjigo, pamene ambiri ankathawirapo. Tinafika pamsika, pamene a Wyson analumphira njinga. Anationa ali pamthunzi ndi anzawo.

"Rozaria! Nena mawu aja, mwanawe! Ukathera ku Mozambique!"

Ndinangoweramitsa mutu. A Pulofesa anandiyang'ana cham'mbali, ngati munthu amene watola chinthu pamsewu ndipo akuopa kuti mwini wake atulukira. Kenako anapitiriza, ndipo kuyambira apo mawu onse anali achilendo m'makutu mwanga.

Ndakatulo ija inali yoseketsa kuposa mmene tinkaganizira. Munali za madyerero a akazembe, kumene munthu amapatsidwa mafoloko anayi ndi chakudya chosakwana foloko imodzi. Munali za mmene anaphunzirira kumwetulira kwa maola atatu osanena kanthu. Ndinaseka mokweza pafupi ndi chipatala, mpaka ndinadzidabwa ndekha. Koma titapitirira maofesi a Boma n'kuyamba kukwera chakuphiri la Michesi, mawu anasintha. Munalowa mvula. Munalowa lamya yolira m'ofesi yofunda, ndi munthu wa kutali akunena kuti phiri lagumuka.

Aliyense wa ku Phalombe amadziwa za Napolo wa 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri n'kukokolola midzi. Ine ndinali wamng'ono, koma ndimakumbuka mkokomo wake. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mayi Hilda, akazi awo a Pulofesa, anali atabwera kumudzi chaka chimenecho kudzadwazika mayi awo. Sanapezeke. Panalibe bokosi, panalibe manda, ndipo a Pulofesa analoledwa kubwera patatha miyezi inayi.

Ankaima kawirikawiri tsopano, akutsokomola, atagwira phewa langa. Ndinkaopa kuti miyendo iima ndakatulo isanathe. Ludzu linandigwira, zidendene zinkawawa m'mapatapata, koma sindinanene kanthu. Ulendo uno sanali manyazi.

Dzuwa lili pamutu tinafika pamalo a miyala ikuluikulu ngati nyumba, udzu utamera pakati pake. Anavula chipewa.

Ndakuperekeza mochedwa, Hilda,
ndi nsapato za kudziko la eni.
Pano mpamene unapatukira.
Ndiuze tsono ndibwerere.

Analekezera pamenepo. Ndinadikira ndime ina, koma panalibe. Anangoima, chipewa chili pachifuwa, akuyang'ana miyala. Mphepo inkagwedeza udzu. Panapita nthawi yaitali ndisanazindikire kuti akudikira yankho, ndi kuti pamalo onsewo munthu wa pakamwa ndinali ine ndekha.

"Bwererani apa, bambo," ndinatero. Mawu anamveka. "Zikomo. Mwaperekeza."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kuvala chipewa.

"Kodi uli nawo mawu?" anatero. "Ndimayesa unawasiya ku Fomu 1."

Pobwerera miyendo inawakanika. Ndinathamangira pamsika kukaitana a Wyson, ndipo tsiku limenelo kazembe anakwera pakaliyala, atagwira chipewa ndi dzanja limodzi.

"Bwana, si paja munkati simukwera kumbuyo?"

"Ntchito ndapuma lero, a Wyson. Palasani."

Anakhalanso ndi moyo miyezi isanu. Masiku amene anali ndi mphamvu tinkayenda pang'onopang'ono, iwo akulakatula, ine ndikubwereza, mpaka yonse inalowa. Ndinapempha kuti ndiilembe m'kope. Anati ndidzalembe iwo atapita, chifukwa mkonzi akaona pepala amayamba kufufuta. Alendo atayambanso kubwera, a Pulofesa ankawaperekeza mpaka pamtengo wa mango basi, ndipo mayi Zelifa anakhumudwa. "Kodi ndawalakwira chiyani?" anafunsa.

Pamaliro awo panabwera magalimoto ochokera ku Zomba ndi ku Lilongwe. Anthu a masuti analankhula za mabuku awo ndi za mayiko amene anatumikirako, kenako anayang'ana mawotchi n'kunyamuka fumbi lisanakhazikike pamanda. Ife a m'mudzi tinatsala titaima. Panalibe amene ankafuna kuyamba kutembenuka.

Masiku ano njira za kwathu zafupika. Munthu ukati ukupita pamsika, umakafikadi pamsika. A Wyson amadutsa panyumba ya malata ija akuliza belu, ngakhale m'njiramo mulibe munthu. Ndakatulo ndinailemba, ili m'kope pansi pa sutikesi, koma papepala imangokhala ngati mipando ija. Imadzuka ndikamayenda. Choncho Loweruka lina ndimavala nsapato zolimba n'kulowera chaku Michesi, milomo ikugwedera. Anthu amandipatsa moni, ena amayenda nane pang'ono. Akafika pamtengo wa mango amaima, n'kundiyang'ana, ndipo ine ndimawauza kuti abwerere.